Mpata wa Dzina

Usiku wa ku Phoenix suzizira.
Phula limabweza moto wa masana mpaka m'bandakucha,
nsapato n'kumakakamira pansi.

Itangokwana 2 koloko, pa msewu wa Van Buren,
galimoto yoyera inatembenukira pamalo oletsedwa.
Ndinayatsa magetsi ofiira ndi abuluu.
Inamvera msanga kuposa munthu aliyense
amene ndamuimitsapo pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi:
inaphethira kumanja, inapatuka,
n'kukaima mwaulemu pansi pa nyale.

Ndinayenda monga anatiphunzitsira,
dzanja limodzi pa lamba, tochi m'mwamba.
Galasi linatsika lokha.
Ndinati, "Ndine Quezada, wapolisi wa pamsewu,"
kudziwitsa mpando.
Chiwongolero chili duu.
Padenga kanthu konga chipewa kankazungulirabe,
kundiwerenga kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Fomu imene ndimayenda nayo ili ndi mpata wa dzina,
wa tsiku lobadwa, wa msinkhu, wa mtundu wa maso.
M'munsi muli mzere woti wolakwa asainepo
kulonjeza kuti adzafika kukhoti.
Amene anailemba ankadziwa kuti mlandu umakhala ndi nkhope,
umanunkha mowa, umalira, umanama kuti mwana wadwala.

Mawu anatuluka pafupi ndi wailesi:
"Ndine Dalisay, ndikuthandizeni bwanji?"
Ndinamufunsa kuti ali kuti.
Anati kutali, kumene dzuwa likadali m'mwamba.
Ndinamva supuni ikugunda kapu.
Iye akuti sayendetsa, amangoyankha.
Amene anaphunzitsa makinawa ali mtulo, nawonso sayendetsa.
Aphungu akadali pa ndime yachitatu,
mwezi wachisanu uno,
kulimbana ndi tanthauzo la mawu akuti woyendetsa.

Kumbuyo wina anatsokomola.
Bambo wachikulire, ndodo yoyera ili pamiyendo,
chikwama cha zovala zoti akachape chili pambali.
"Mwatigwira?" anatero, akumwetulira kumene kunalibe ine.
Dzina lawo ndi Elwood Tsosie.
Zaka makumi awiri akazi awo ndiwo ankagwira chiwongolero,
tsopano agona m'chipinda chachisanu kuchipatala,
mapaipi m'mphuno.
"Iyi sindiigwadira, mwanawe.
Siiusa moyo ndikaiitana pakati pa usiku.
Siindifunsa ngati mayi akupezako bwino."
Anakhala chete.
"Masiku ena ndimafuna itandifunsa."

Mchimwene wanga Anselmo anamugunda munthu
wa dzina, wa maso obiriwira, wamtali bwino.
Fomu inadzaza mipata yonse.
Munthuyo anasaina, dzanja likunjenjemera,
ndipo kukhoti ndinamuyang'anitsitsa mpaka anawerama.
Sizinabweze kanthu.
Komabe ndinali ndi womuyang'ana.

Nanga iyi ikadzapsinja mwana pa mphambano ya kusukulu,
mayi wake ndidzamulozera chitseko chiti?
Adzakuwira mtsikana wa supuni ndi kapu uja?
Akuti idzachepetsa maliro. Mwina n'zoona.
Ine ndatolapo nsapato zokwanira m'misewu muno
moti sindingakane msanga.

Cholembera chinauma m'dzanja.
Ndinalemba nambala ya galimoto, nthawi, malo.
Pa dzina ndinasiya poyera.
Pa mtundu wa maso ndinazungulira galimoto yonse ndi tochi,
kutsogolo, m'mbali, padenga, pansi pa magalasi,
n'kulemba kuti: ambiri.

Pepalalo ndinasowa woti ndimupatse.
Ndinalipinda n'kuliika m'thumba la malaya,
lili momwemo mpaka lero, lachapidwa kawiri.

"Tingapite?" anafunsa a Tsosie.
Ndinagogoda padenga kawiri, mwachizolowezi,
monga timachitira ndi anthu.
Sinasunthe.
Inkadikira kuti ndichotse phazi pafupi ndi tayala.
Nditabwerera m'mbuyo inaphethira kumanzere,
kuchenjeza msewu wopanda ngakhale galu,
n'kunyamuka pang'onopang'ono,
mutu wa imvi ukugwedera pa zenera lakumbuyo.