Zala za M'mamawa ku Chamama

Anandipatsa kabotolo ka inki
ndi kampando ka ana a sitandade 2.
Ntchito yanga: kuviika chala chamkombaphala cha aliyense
kuti asabwerenso kachiwiri.

Tisanamasule n'komwe chingwe cha pakhomo
mzere unali utafika kale pa mjigo,
kuseri kwa zimbudzi za atsikana.
Anthu ali chilili mumdima,
tochi za mafoni zikuphethira,
mame akunyowetsa mapazi.

Woyamba anali Dolifa Kamchacha,
mwana kumbuyo, mawu achangu:
"Ndithandizeni msanga, aphunzitsi, fodya sadikira munthu."
Chala chake chinali chakuda kale ndi utomoni wa masamba,
inki inachita kusowa pokhala.

Si chisankho chachikulu chija ichi.
Phungu wathu anatisiya pakati pa ulendo,
zaka ziwiri ndi theka zisanakwane,
mlatho wa kumadambo uli miyendo yokhayokha.
Koma wailesi ikuti lero boma likulemba mayeso,
ndipo dziko lonse likusuzumira pa zenera la kalasi yanga.

Mamonita awiri akhalira benchi imodzi.
Lufeyo akugwedeza bondo, akumwetulira:
"Mwaona? Adzuka ndi nkhuku
kudzathokoza makuponi a feteleza."
Tobiyasi akulavula khoko la nzimbe:
"Wokhuta sadzuka usiku, achimwene.
Uwu ndi mkwiyo wavala zitenje."
Onse awerama pa mafoni,
onse atumiza ku Lilongwe nambala yomweyo,
mazana awiri ndi khumi ndi atatu pofika 8 koloko,
nambala imodzi, nkhani ziwiri.

Ine sindidziwa.
Ndimangoona zala.
Zala zong'aluka, zala zonunkha sopo wa m'mawa,
chala cha sisitere wa kuchipatala chofewa ngati thonje,
chala chonjenjemera chimene ndinachita kuchigwira kawiri.
Bambo Gelesomu analibe chamkombaphala,
jeke wa ku esiteti anadya kalekale.
Ndinaviika chapakati, iwo n'kuseka:
"Chinzakecho chikavotere komweko kwa bwana."

9 koloko mzere unaduka.
10 koloko unatha.
Masana pabwalo panali mbuzi zitatu,
wapolisi akuodzera pansi pa mthethe,
ndi kavuluvulu amene anabwera opanda chiphaso,
nazungulira, napita ndi pepala la malangizo.

Ndinatsegula kaundula.
Masamba ndi masamba a nkhope zosachongedwa,
ambiri ndinawaphunzitsa ndekha kugwira pensulo.
Wina ali ku Joni, wina ku Chipata,
wina tinamuika chaka chatha koma chithunzi chikadali kuyang'ana.
Otsalawo ndi awo kutsidya kwa msewu,
atakhalira njinga zamoto za kabaza, akuseka.
Ndinakodola Mdyetseni, amene ankakhoza masamu kuposa onse.
Anakuwa: "Aphunzitsi, inkiyo imayendetsa njinga?"

Ndiye m'mawa uja unatanthauza chiyani?
Mwina chinali chizimalupsa chabe,
mvula yofulumira yonunkhiritsa dothi,
wopusa n'kuthamangira kukadzala
dzuwa likadali ndi mwezi wathunthu m'thumba.
Mwina ndi mitambo yeniyeni.
Mwinanso ndi anthu chabe amene anali ndi ntchito kumunda
ndipo anafuna athane nazo izi kusanatenthe.

Bokosi ndi loonekera m'kati,
koma mapepala ndi opinda.
Lafika theka, ndipo silikuyankhula.

Cha m'ma 4 Dolifa anadutsanso,
mtolo wa fodya pamutu, mwana ali m'tulo.
Anaima pa mjigo, natsuka m'manja.
Utomoni unachoka pang'ono, inki inakana.
"Abwera ena?" anafunsa.
Ndinati, "Ochepa."
Anayang'ana chala chake nthawi yaitali,
ngati munthu wowerenga risiti ya ku okushoni,
kenako anasenza mtolo wake.

Lufeyo ndi Tobiyasi tsopano akugawana nzimbe imodzi,
mafoni onse atha moto.
Nyali yowerengera mavoti sinayatsidwe.
Pamenepo ndi pomwe ndinaona
kuti chala changa chikadali choyera.