Zimene Analemba M'kabuku Kanga

Kanayi konse ndinapita ku chipatala cha ku 25,
kanayi konse ndinabwerako ndi panado m'kapepala.
Mutu unkalemera ngati mabelo onse a fodya
amene ndinalondera ku Kanengo zaka makumi awiri
andiunjikira pa liwombo.
Tulo tinachoka ndi maliro a Nangondo,
kaya tinakwera nawo lole ija ya ku Nathenje.

Ulendo wachisanu ndinapeza mtsikana wachilendo,
dzina lili pachifuwa: Tiyamike Zgambo.
Anandimanga pamkono, napopa, nawerenga,
kenako anaika cholembera pansi.
"Bambo, sabata ino mwalankhula ndi ndani?"

Ndinayamba kupinda zala.
Mayi wa tomato: anatchula mtengo, ndinati chabwino.
Mnyamata wa kabaza: ndinati ima apa.
Wailesi, koma iyo siyankha.
Zala ziwiri zinatsala chiimire,
zikundichititsa manyazi.

Analemba mapilitsi a kuthamanga kwa magazi,
ndipo m'munsi mwake anawonjezera:
Lachiwiri ndi Lachisanu, dzuwa lisanakwere,
dimba la m'mbali mwa Nankhaka.
Mukafunse a Kapalamula.

Wa pawindo la mankhwala anaseka:
"Zam'munsizi sitisunga muno, madala."
Njira yonse ndinkang'ung'udza ndekha,
mankhwala akatha azingonena kuti atha,
osati kutuma munthu wa imvi kukathirira mpiru.

Lachiwiri sindinapite.
Lachisanu ndinakhoma chitseko.
Lachiwiri linalo, odi!
Mlangizi wa zaumoyo, njinga ili m'manja:
"Andituma. Ndikhala pakhonde pano mpaka mutuluke."
Ndinavala nsapato kuopa maso a aneba basi.

Kudimbako ndinapeza a Kapalamula,
sitiroko inawalanda dzanja lamanja,
koma lamanzere limalamula ngati la kapitawo.
Mayi Esinala a shuga,
obisa maswiti pamfundo ya chitenje
pomwe aliyense akudziwa.
Ndaziona, mnyamata wa digiri yogona m'sutikesi,
amene botolo linatsala pang'ono kumumeza.
Anandipatsa wotakeni yodontha,
theka la madzi linkathera pa buluku langa.

Palibe anandifunsa za maliro.
Anati: "Tamva munali mlonda.
Anyezi wathu akutha usiku."
Ndinagwada, ndinayang'ana dothi.
Wakuba savala ziboda, anzanga,
iyi ndi mbuzi, yalowera apa, pansi pa mpanda.
Ndinafotokoza za mphepo, za mwezi, za malo oima galu,
mawu akutuluka ngati mpopi umene a Wotabodi angotsegula:
poyamba kutsokomola mpweya,
kenako dzimbiri,
kenako madzi.

Sindinganame kuti ndachira.
Mapilitsi ndimamwabe m'mawa uliwonse.
Usiku wina umatalikabe ngati mzere wa mafuta,
ndipo mpango wa Nangondo ukadali pamsomali,
sindinaukhudze.

Koma Lachisanu lapitali malungo anandigoneka,
dzuwa lili paliwombo ndinamva phokoso pakhomo.
Mayi Esinala ndi Ndaziona, mtolo wa mpiru m'manja,
osati kudzapepesa, ayi, kudzakalipa:
"Mabedi anu awiri auma, mukuganiza athirira ndani?"
Ndinaseka mpaka chifuwa chinandipweteka.
Ndinali nditaiwala kuti munthu ukasowa
pamakhala ena oona kuti wasowa.

Dzulo ndinabwerera kwa mwana wa a Zgambo.
Anapopa, nawerenga, nagwedeza mutu pang'ono,
akuti zatsika, koma mchere ndichepetsebe.
"Nanga sabata ino mwalankhula ndi ndani?"
Ndinapinda zala za kumanja, zinatha,
za kumanzere, zinatha,
ndisanatchule n'komwe mwini mbuzi uja
amene tinakangana naye mpaka tinagwirizana.
Ndinati: mwanawe, tandibwereka zako.

Panja mzere unali wautali,
wina wa chipewa chakuda atakhala payekha kumapeto kwa benchi,
akuyang'ana nsapato zake.
Ndinakhala naye pafupi.
Basi yanga inadutsa, ndinaisiya.