Palamijana wa pa Nchalo

Lachisanu lolandira malipiro.
Dzuwa lalowa koma malata akadali kuthetheka,
phulusa la nzimbe zotenthedwa
likutera pamapewa a anthu ngati ngumbi zakuda.
Kuseri kwa bala ya a Tchale
ine ndikusasantha chidali cha nkhuku ndi botolo la mowa
mpaka chipyapyale ngati kalata ya ngongole.

Ufa, dzira, nyenyeswa za buledi wa dzana
amene ngakhale mbewa inamunyoza.
Mafuta akalalata.
Kenako matimati a kudimba, ophwanyidwa ndi adyo,
pamwamba pake tchizi.

Tchiziyo ndiye amandisowetsa tulo.
Amatsika ku Blantyre pa minibasi,
atamufunditsa ayezi ndi nyuzipepala,
koma pofika pa Thabwa wayamba kale thukuta
monga mlendo aliyense wobwera kuchigwa kuno.

Mbale zitatu pa tebulo la pakona!
Ndipo mkangano uja wayambanso.

Mainote, zikhatho zong'aluka ndi chikwanje,
akulumbira kuti Palamijana linali dzina la mkazi
wa ku Mutarara, wa mano a golide,
amene anasiyitsa amuna asanu mabanja awo ndi nkhuku imodzi.
Amalume ake akuti anamuonapo.

Aphunzitsi a Fombe apukuta magalasi ndi tayi.
Ayi, akutero, ndi chakudya cha amphawi a ku Italiya,
ndipo munalibe nkhuku mmenemo,
anali mabilingano basi.
Adzukulu awo ataoloka nyanja
n'kupeza nyama yotchipa kumaiko a eni
ndi pamene anachita manyazi ndi ndiwo za amawo.
Bala yonse yaseka.
Mabilingano! Mzungu angadye mabilingano?

Ine sandifunsa.
Wophika ndi dzanja chabe lotulukira pa kawindo.
Akanandifunsa ndikanawauza za mzungu wa mapampu,
wofiira khosi ngati nkhukundembo,
amene anabwera kuchokera ku Ositereliya
kudzakonza zokokera madzi mu Shire.
Udzudzu unamudya, malungo anamugwetsa kawiri.
Usiku wina, ataledzera pang'ono,
anajambula chakudyachi pa chipaketi cha fodya:
apa nkhuku, apa chofiira, apa choyera,
kwathu bala iliyonse imaphika, Lachinayi pamtengo wotsika,
ndipo mawu ake ananjenjemera.
Ndinaphika.
Analawa, napukusa mutu: sichili chonchi.
Anamaliza yonse, n'kunyambita foloko.

Anapita chaka cha madzi osefukira.
Mapampu ake anafanso.
Nkhuku yokha ndiyo inatsala,
ndipo tsopano a kabaza amaitchula ngati anabadwa nayo,
madalaivala a thonje ochokera ku Ngabu
amaimika malole chifukwa cha iyo,
wina anatengera chibwenzi chake cha ku Bangula
itakulungidwa m'jumbo, tchizi atamatirira ku pulasitiki.

Koma bwerani pakati pa mwezi,
matumba atauma ngati Mwanza mu Okutobala,
magetsi atathima, firiji ikudontha,
a Tchale akuwerenga mabotolo ndi tochi ya foni.
Nkhuku palibe angaifike.
Ndiye ndimaitana Fatineti wa pamsika,
amene dengu lake limabwerera lodzaza tsiku lililonse,
ndigula mabilingano ake ofota,
ndiwadula mopyapyala, ufa, dzira, nyenyeswa,
matimati, ndi kanyenyeswa ka tchizi kongonunkhiritsa.

Mainote anadya mumdima osadziwa.
Anapempha ina.

Aphunzitsi okha ndi amene anaima kutafuna,
n'kuyang'ana ku kawindo kanga nthawi yaitali.
A Zuze, anatero motsitsa mawu,
mwaibweza kwawo osalipira ndege.

Sindinayankhe.
Mafuta anali atayamba kupsa.