Theka la Ola

Ndinabwera ku Joni kuthawa njala,
ya chaka chija tinkaphika mango aawisi ku Balaka.
Sindinadziwe kuti inakwera nane basi
n'kudikira zaka khumi ndi zisanu
kuti ilowe mwa mwana wanga, idzitsekere m'kati.

Ku wodi ya pansanjika yachinayi
amamuyeza m'bandakucha
atafulatira sikelo, kuti asaone manambala.
Sisitala Radebe amalemba, natseka buku.
Kapaipi kalowa m'mphuno,
akamata ndi pulasitala patsaya
pomwe amake ankamupsompsona.

Sungeni.
Dzinali tinamupatsa titaika awiri.

Ndimakwera tekisi ku Bree ndikaweruka,
ndikununkha kapinga wa eni ake
yemwe ndatchetcha tsiku lonse ku Northcliff.
Maluwa a abwana ndimawadziwa:
lofota ukalithirira, madzulo ladzuka.
Uyu ayi.

Adokotala anati matendawa ali ndi dzina, anorekisiya.
Ndinalibwereza njira yonse kuti ndisalitaye.
Achemwali pafoni anati, kodi si za anthu zimenezi?
Abusa anati tisale kudya masiku atatu.
Ndinaseka mpaka anthu anatembenuka m'tchalitchi,
kenako kuseka kuja kunasanduka china.

Andiphunzitsa kuyankhula ngati khanda.
Musanene kuti idya.
Musanene kuti anzako kumudzi akugona ndi njala.
Ndipo akayamba kuchira
musayerekeze kunena kuti wanenepa.
Ha! Mawu omwe kwathu timayamikira nawo mlendo,
pano ndi mpeni.

Chakudya chili ndi wotchi yake, theka la ola.
Chikatha amakhoma chimbudzi.
Amakhala atavala majuzi awiri mu Okutobala,
jakaranda atafiirira msewu wonse kunjaku,
akuyang'ana kachitini ka yogati
ngati kuti muli njoka.
Akuti m'mutu mwake muli mawu omwe amamuwerengera chilichonse.
Ine ndingalimbane bwanji ndi munthu wopanda khosi?

Lero anandilola kukhala naye patebulo.
Ndinamuuza za galu wa abwana yemwe waswa ana asanu ndi mmodzi,
za kamodzi kopunduka mwendo komwe kamaluma anzake.
Anafunsa mtundu wake.
Ndinati kofiirira, kamchira koyera.
Supuni inanyamuka, inaima m'malere, ikunjenjemera.
Ndinayang'ana pawindo monga anandiuzira,
ndikuwerenga matekisi akutsika ku Hillbrow,

ndipo kumbuyo kwanga ndinamva
kachitsulo kakugunda dzino.