Kuchepetsa Mkanjo

Ine ndinakwatiwa ndi makaniko.
Ndinene zimenezi poyamba, ena asanandikonzere mbiri.
Lakisoni, wa zikhadabo zakuda ndi girisi, wa pagalaja ya ku Chirimba,
amene ankandidikira pageti la fakitale ya nsalu ku Makata
atakulunga chinangwa chootcha m'nyuzipepala.
Za magazi a ufumu sanandiuze.
Mwina naye anali ataiwala.

Kenako amalume ake anatsikira kulichete,
ndipo amayi anayi a mbumba anafika ku Ndirande mbandakucha,
fumbi la ku Lunzu likadali kumapazi,
nakhala pamkeka wanga osavula nkhope za maliro.
Anati dzina lagwera muno.
Linagwadi, ngati nthambi ya mbawa padenga la malata,
tonse awiri tinapezeka pansi pake.

Ndinapita chitengwa,
ine amene mayi anandilera kuti mwamuna ndiye adzamanga kwathu.
Anandilanga usiku wonse:
usaseke mano onse pagulu,
dzina lake lakale usalitchule ngakhale kuchipinda,
zimene wamva pakhonde udzafe nazo,
mlendo wa mfumu sabwerera ndi njala ngakhale nkhokwe ili pululu.
Dzina langa palibe anafunsa.
Ndinasanduka "amayi akwamfumu,"
Dorika anatsala pageti paja akudikira belu.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Ndawiritsa tiyi wa milandu ya malire,
wa mbuzi zodya chimanga cha eni,
wa mabwana a nsapato zowala ofuna malo mumsewu wa ku Zalewa.
Nkhuku za chindapusa ndaziona zikulowa zomangidwa miyendo
ndipo sindinaziseke, tinkadziwana.
Ndaonanso mfumu ikulira pakati pa usiku
itagamula mlandu mokomera mbale wake
pamene mkazi wamasiye anali ndi umboni wonse.
Pamenepo ndinkakhoma chitseko n'kunong'ona: Lakisoni.
Ankatembenuka msanga
ngati munthu womva hutala ya galimoto imene anaikonza kalekale.

Ana anga atatu anabadwira m'nyumba ya ufumu
koma ufumu sudzera m'mimba mwanga.
Njira yake ndi ya alamu anga a Nachanza,
amene ankayang'ana ana anga
monga alendo ochedwa kutsanzika.
Sindiwada. Nawonso anaupeza mwambowo uli chikhalire.

Mkanjo wa ufumu unabwera waukulu ngati tenti.
Ndinaukonza ndine, pamakina anga opalasa ndi phazi,
nyali ya parafini ikundifukiza m'maso.

Tinamuika mu Juni, chiperoni chikulasa m'mafupa.
Akuluakulu anayankhula za mtengo waukulu umene wagwa.
Za makaniko panalibe ananenapo.
Mawa andisudzula.
Ndamanga kale mbale zanga, za ufumu ndasiya pathandala.

Madzulo ano wabwera Fulaisoni, mwana wa a Nachanza,
wamapewa owonda, amene ndinamutsuka matewera,
mkanjo uli pamkono, maso ali pansi:
"Amayi, wandikulira. Tandichepetserani."

Ndiye ndakhala pano ndi lezala, ndikumasula msoko wanga womwe.
Kolala ikununkhabe thukuta la mwini wake.
Mumpendero chala changa chagunda kanthu kouma:
chiphaso changa cha kufakitale,
chimene ndinasokeramo usiku uja popanda wondiona.
Chithunzi chazilala, koma mtsikanayo akuseka, mano onse pamtunda.
Zaka zonsezi, pabwalo, pamaliro, pamaso pa akuluakulu a boma,
mfumu inkayenda ndi Dorika akuigunda m'akakolo.
Kapena inkadziwa.
Mkanjowu sinalole kuti wina auchape.

Mapewa ndachepetsa zala zitatu.
Mpendero ndasiya wotakasuka pang'ono,
mkazi wa Fulaisoni angadzafune pobisa kanthu.

Mawa ndikwera minibasi pa Lunzu, makina ali pamiyendo.
Kondakitala sadzandiombera m'manja.
Adzangoti, "Mayi inu, tasunthani, anayi anayi pamenepo!"
Ndipo ndidzasuntha,
ndikuseka mpaka chibwano kuwawa.