Mayi Wina wa M'deralo

A Dokotala Chavula anati:
nyuzipepala musamaiwerenge ngati anthu anjala,
muziiwerenga ngati wogula nyemba pamsika,
kutapa m'manja, kuona zofumbwa ndi zingati.
Atatero anatigawira miyezi.
Ine anandipatsa Epulo, mwezi umene mvula ya kuno imaiwala kukata.

Ndiye ndili m'laibulale ku Luwinga,
majuzi awiri, zala zitauma,
nkhungu yatsamira pawindo ngati nayonso ikudikira mayeso.
Pepala langa lili ndi mizere itatu:
wayankhula ndani,
akunenedwa ndani,
watchulidwa dzina ndani.
Nduna, chonga. Mneneri wa polisi, chonga.
Mkulu wa kampani, chonga, ndi chithunzi chomwe, tayi ili pakhosi.
Pofika pakati pa mwezi
cholembera chinali chitadziwa njira chokha.

Kenako tsamba lachisanu ndi chiwiri, pansi pakona,
moyandikana ndi malonda a matayala:
khoma lagwa ku Zolozolo, mvula ya usiku.
"Mayi wina wa m'deralo wati zinamveka ngati galimoto yagunda nyumba."

Mayi winayo ndimawadziwa.
Anandibereka kumsana mpaka ndinayenda.
Tsikulo anayankhula ndi mtolankhani mpaka tiyi anazizira m'kapu:
za ngalande imene akhala akupempha zaka zitatu,
za makalata awiri, ndi amene anawalandira,
za Vitumbiko, mwana wa aneba, amene anamukoka mwendo m'matope.
Iwo ankayankhula Chitumbuka, iye ankalemba Chingerezi,
ndipo pakati pa zinenero ziwirizo ngalande ija inakwiririka.
Inatsala galimoto, yomwe kunalibe.

M'kalasi zimenezi zili ndi mayina aatali.
Timati pachipata cha nkhani pali mlonda
wosankha yolowa ndi yogona panja.
Ndinalemba zimenezo pamayeso, ndinakhoza bwino,
osadziwa kuti ogona panjawo
ndi omwe amandilipirira fizi ndi ndalama ya usipa.

Mtolankhaniyo sindikumuda.
Ndinamuona: nsapato zonyowa, foni yosweka galasi,
mayunitsi akutha, mkonzi ali kutali akufuna mawu makumi asanu basi.
Mwina chaka chamawa ndidzakhala ineyo,
ndikudula mawu a amayi ake a munthu
kuti matayala akwane patsamba.

Loweruka ndinatenga mafunso a kafukufuku kupita nawo kudepoti.
Kodi nkhani mumazimvera kuti:
pawailesi, pakanema, m'nyuzipepala, pafoni?
Wakabaza wina, Chawanangwa, anaseka,
namenya mpando wa kumbuyo kwa njinga yake.
"Apa. Wailesi yanga imakhala apa,
imayankhula kuchokera ku Katoto mpaka ku Chibavi,
ikatsika imalipiranso."
Pafomu panalibe bokosi la yankho lotere.
Ndinachonga pa "zina".

Pobwerera ndinadzera pabenchi ya amayi
ndi kuwaonetsa tsamba lija pafoni.
Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawamasulira.
Anati, "Bodza palibepo. Zinamvekadi ngati galimoto."
Kasitomala anaima, anafuna wa faivi handiredi.
Amayi anasolola nyuzipepala yakale pamulu,
anang'amba pakati pa nkhope ya munthu wa tayi,
nakulungira usipa, naikapo basela.

Lolemba ndikapereka ntchito yanga.
Pamzere wa amayi otchulidwa dzina, sabata imeneyo, pali ziro.
Sindingamusinthe: ndinawerenga kawiri,
ndipo manambala saphikidwa, anatero a Dokotala.
Koma pansi pa tsamba, pamene timalemba magwero,
ndaika ndi zilembo zazing'ono:
Esinati NyaMhango, Zolozolo, wogulitsa usipa,
anapempha ngalande.

Mwina andichotsera malikisi awiri.
Panja mvula yayambanso,
ndipo ndikudziwa kumene madziwo akulowera.