Pa Zave

Kondakitala akamakuwa kuti "Pa Zave, otsika!"
sadziwa kuti akuitana agogo anga.
Amangomenya chitseko cha minibasi,
fumbi la ku Kamwendo lili m'mano,
dzina n'kugwa pansi limodzi ndi matumba a mtedza.

Agogo anabadwa Msaiwale.
Dzinalo linatsalira m'madzi a ubatizo
tsiku lomwe wansembe wa ndevu zofiira
anayendetsa chala m'buku, nati: Zaveriyo.
Amayi awo analilawa ngati mchere wachilendo,
lilime likukana,
mpaka analiswa pakati ngati chinangwa: Zave.
Msaiwale anaiwalika mvula isanagwe kawiri.

Ndi ndalama za ku Wenela anagula chigayo,
nachikhazika pamphambano, patsinde pa mkuyu.
Osenza chimanga ankati tikupita kwa a Zave.
Kunabwera wogulitsa palafini m'mabotolo,
telala wopalasa makina ndi phazi limodzi,
mjigo, kanyenya, ngongole.
Chigayo chinafa.
Mkuyu anaugwetsa owotcha njerwa.
Koma malowo anakana kubweza dzina la mwini.

Ana asanu ndi awiri analinyamula
ngati mbewu m'thumba lobooka.
Bambo aakulu anadutsa nalo pa Mwami,
ku Chipata linasanduka Saveliyo.
Azakhali a Esimeliya, ku maesiteti a fodya ku Kasungu,
kalaliki wa malipiro analidula mchira
kuti likwane m'kabokosi ka pepala.
Msuweni wanga ku Joni ali nalo pachiphaso
ndi X kutsogolo,
ngati saini ya munthu amene sanapite kusukulu.
Pamaliro timakangana chamumtima
poona zolembedwa pa nkhata:
ndani wa ife akulilemba molondola?

Tanthauzo ndinalimva mochedwa,
kusikelo, mwana ali kumsana,
kwa sisitere wokalamba wa manja onjenjemera
amene ankalemba khadi.
Anaimitsa cholembera, naseka yekha.
Anati kwawo, kumapiri a pakati pa Sipeni ndi Falansa,
kuli anthu a chiyankhulo chawochawo, Abasiki,
ndipo dzinali linayamba ngati mawu awiri wamba
oloza ndi chala:
nyumba, yatsopano.
Wina anamanga, anansi naloza.
Nyumba inatcha mudzi, mudzi unatcha mwana,
mwanayo anakwera chombo,
ndipo dzina silinabwererenso kukagona kwawo.

Sindinamuyankhe.
Ndinatsika pa Zave dzuwa lili paliwombo,
ndinazungulira kuseri kwa magolosale
kumene kuli chipupa chomwe agogo anayamba
chaka chomwe fodya anagulidwa bwino.
Chinafika pamawindo n'kuima.
Malata anapita ku fizi ya bambo anga,
mafelemu anadyedwa ndi chiswe,
m'chipinda chogona munamera papaya
amene amabereka kuposa onse a m'mudzi.
Mbuzi za a Gelesomu zimabisalamo mvula.
Zaka makumi asanu tsopano
aliyense kwathu amati "nyumba yatsopano ija,"
osadziwa kuti akutchula agogo kachiwiri.

Ndiye dzina linawoloka nyanja zingati
kudzapeza nyumba yopanda denga?
Kapena linkadziwa
kuti likamalizidwa lidzakalamba?

Ndinakhala pa njerwa yotentha,
ndinamasula chitenje, ndinamuyamwitsa.
Pakhadi pake inki inali isanaume bwino,
Zaveriyo, mwa malembedwe a sisitere,
achisanu m'banja mwathu.
Kumsewu kondakitala wina anakuwanso.

Ndinawerama pakhutu pake pofewa
ndi kumupatsa lina,
losalembedwa m'buku lililonse,
lomwe silinakwerepo ngakhale njinga:
Msaiwale.
Anasiya bere, nandiyang'ana,
mkaka ukutsetsereka pachibwano,
ngati munthu amene waitanidwa
kuchokera kutali.